Ntchito za atsogoleri amene amafikitsa mankhwala atsopano kwa anthu

Katemera kapena mankhwala alionse amene timalandira ku chipatala cha Ulónguè, ku Zóbuè, ku Furancungo kapena ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete anayambira mu labotale. Wasayansi akapeza chinthu chothandiza, ntchito imakhala itangoyamba kumene. Pamafunika anthu ena oti achiyese pa odwala mosamala, apeze fakitale yochipanga chambiri, akambirane mtengo, atsimikize kuti n'chosaopsa, ndiponso alembe lamulo loti chilowe m'zipatala za boma. Nkhani ino ikufotokoza ntchito za anthu amenewa, zitsanzo za zimene achita ku Moçambique ndi ku Malawi, komanso njira imene mwana wa kwathu kuno angadutse kuti adzagwire ntchito zoterezi.

Mlimi sangavutike kumvetsa nkhaniyi. Mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano kapena ndiwo zamasamba za m'dimba la ku Nhartanda sizifika zokha pamsika wa Kwachena. Pali wonyamula, wopikula, wopereka malo pamsika ndi wonena mtengo. Mmodzi mwa iwo akalephera, zokolola zimaolera kumunda ngakhale mlimi analima bwino. Mankhwala nawonso amatha kukhala zaka zambiri m'mabuku a asayansi pamene ana akumwalira ndi matenda amene mankhwalawo akanachiza.

Magulu a ntchitozi

Gulu loyamba ndi la otsogolera malo ochitira kafukufuku. Iwo amasankha matenda oyamba kufufuza, amafunafuna ndalama, amalemba ntchito asayansi, ndipo amayankha kwa boma ndi kwa anthu a m'dera ngati china chalakwika. Ku Moçambique malo akuluakulu otere ndi Instituto Nacional de Saúde, mwachidule INS, yomwe likulu lake lili ku Marracuene, ndi Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, mwachidule CISM.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene amatenga chimene chapezeka mu labotale n'kuchisandutsa katundu wogulitsika. Amalembetsa umwini wa chinthucho, amafunafuna kampani yochipanga, ndipo amalemba mapangano onena za mtengo ndi mayiko amene chidzagulitsidwe. Ambiri mwa iwo anaphunzira za sayansi pamodzi ndi za malamulo kapena za malonda.

Gulu lachitatu ndi la oyang'anira ubwino wa mankhwala. Kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa Autoridade Nacional Reguladora de Medicamento, ANARME, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 12 la chaka cha 2017. Ku Malawi ntchito yomweyi imagwiridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Popanda chilolezo cha mabungwe amenewa, mankhwala saloledwa kugulitsidwa m'dziko.

Gulu lachinayi ndi la okonza ndondomeko za boma. Iwo amawerenga zotsatira za kafukufuku, amayerekeza ndi ndalama zimene zilipo, n'kulangiza nduna ngati chinthu chatsopano chilowe m'zipatala, chiyambire chigawo chiti, ndiponso chiperekedwe kwa ndani. Ena amagwira ntchito ku Unduna wa Zaumoyo, ena ku bungwe loona za umoyo padziko lonse, lomwe kuno timalitchula OMS pamene ku Malawi amati WHO. Pambali pawo pali ogula ndi osunga mankhwala, monga a Central de Medicamentos e Artigos Médicos, amene amaonetsetsa kuti katundu wafika m'zigawo.

Katemera wa malungo: zaka 34 panjira

Mbiri ya katemera woyamba wa malungo imaonetsa magulu onsewa akugwira ntchito. Katemerayu, wotchedwa RTS,S, anapangidwa koyamba mu 1987 ndi asayansi a kampani imene lero ikutchedwa GSK, mothandizana ndi ofufuza a asilikali a ku America. Kampani payokha inalibe chifukwa chothamangira, popeza ana odwala malungo ndi a mabanja osauka amene sangagule katemera wodula. Mu 2001 bungwe la PATH, ndi ndalama za Bill & Melinda Gates Foundation, linagwirizana ndi kampaniyo kuti agawane mtengo woyesera katemerayu pa ana a mu Africa.

Apa m'pamene Moçambique inalowa. CISM inatsegulidwa mu 1996 ku Manhiça, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Maputo, mwa mgwirizano wa boma la Moçambique ndi la Spain. Mu 2003 ana 2,022 a zaka zapakati pa 1 ndi 4 analowa m'kafukufuku kumeneko. Zotsatira zinatuluka mu Okutobala 2004 m'magazini ya madokotala ya The Lancet: katemera anachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse, ndipo malungo aakulu anachepa ndi 58 pa 100 alionse. Dziko lonse linaona kuti n'zotheka kuteteza ana a mu Africa ku malungo ndi katemera.

Kuyesa kwakukulu kunachitika kuyambira 2009 mpaka 2014 pa ana oposa 15,000 m'malo 11 a m'mayiko 7, kuphatikizapo Manhiça ndi Lilongwe. Anapeza kuti mwa ana amene analandira katemera kanayi, malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse m'zaka zinayi. Mu 2015 bungwe la ku Ulaya loyang'anira mankhwala linanena kuti katemerayu ndi wabwino, koma alangizi a OMS anafuna umboni wina: kodi makolo a kumudzi adzabwera ndi mwana kanayi konse, ndipo kodi imfa zidzachepadi? Motero anayamba kumupereka m'madera osankhidwa a mayiko atatu. Malawi ndiye anayamba, pa 23 Epulo 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Ana oposa 2 miliyoni analandira, ndipo imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Pa 6 Okutobala 2021 OMS inalangiza kuti katemerayu agwiritsidwe ntchito m'mayiko onse a malungo ambiri. Amene ankatsogolera nthambi ya malungo ku OMS pa nthawiyo anali a Pedro Alonso, omwe anali mkulu woyamba wa CISM.

Chilolezo chitapezeka, vuto linatsala pa kuchuluka ndi mtengo. Mu 2022 UNICEF inapangana ndi GSK za jakisoni 18 miliyoni okha pa zaka zitatu, pa mtengo wofika mayuro 9.30 jakisoni mmodzi, omwe ndi mametikali oposa 600. Mwana mmodzi amafunika jakisoni anayi. Katemera wachiwiri, R21, anakonzedwa ku yunivesite ya Oxford, ndipo atsogoleri ake anapangana msanga ndi Serum Institute of India, fakitale yopanga katemera wambiri kuposa ina iliyonse padziko. OMS inamuvomereza pa 2 Okutobala 2023, ndipo mtengo wake unali madola 3.90, pafupifupi mametikali 250. Ameneyu ndiye amene Moçambique inayamba kupereka mu Ogasiti 2024, kuyambira m'chigawo cha Zambézia, mothandizidwa ndi bungwe la Gavi.

Ana a ku Manhiça anathandiza kutsimikiza katemera woyamba mu 2004, koma panadutsa zaka 20 kuti katemera wa malungo alowe m'ndondomeko ya boma ya dziko lawo. Mbali ina ya zaka zimenezi inathera pa sayansi yeniyeni. Mbali ina inathera pa kusowa kwa ndalama, kudikira zigamulo ndi kuchepa kwa mafakitale, zomwe ndi nkhani za atsogoleri.

Umwini ndi mtengo

Munthu kapena kampani ikapanga chinthu chatsopano, imatha kulembetsa umwini wake. Chikalata chake chimatchedwa patenti, ndipo chimaletsa ena kupanga chinthucho popanda chilolezo kwa zaka 20. Kwathu amalembetsa ku Instituto da Propriedade Industrial, ndipo pali ofesi ina ya mayiko ambiri a mu Africa, ARIPO, yomwe ili ku Harare. Cholinga cha patenti n'chakuti amene anawononga ndalama pofufuza abweze ndalama zake. Kuipa kwake n'kwakuti mwini wake amatha kuika mtengo umene akufuna.

Mbiri ya mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, ndi umboni. Cha m'ma 2000 mankhwala a munthu mmodzi pa chaka ankagulidwa madola oposa 10,000. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi a Yusuf Hamied, inalengeza kuti ingapereke mankhwala a mitundu itatu pamodzi pa madola 350 pa chaka. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa za malonda ku Doha, mayiko anagwirizana kuti boma lili ndi ufulu wolola kupanga mankhwala a patenti popanda chilolezo cha mwini wake ngati umoyo wa anthu uli pangozi. Moçambique inagwiritsa ntchito ufulu umenewu mu 2004, ndipo Zambia inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Mu 2010 kunakhazikitsidwa bungwe la Medicines Patent Pool, lomwe limakambirana ndi eni patenti kuti alole mafakitale ena kupanga mankhwala awo motchipa. Kudzera m'mapangano otere, mu 2017 mankhwala atsopano okhala ndi dolutegravir anatsika kufika pa madola pafupifupi 75 pa chaka. Onse amene anakhala pa tebulo kukambirana mitengo imeneyi anali kugwira ntchito zimene nkhani ino ikunena, ndipo aliyense amene amatenga botolo lake la ma ARV mwaulere ku chipatala cha boma amapindula ndi zokambiranazo.

Katemera wa chitopa

Chitsanzo china chili pakhomo pa mlimi aliyense woweta nkhuku. Chitopa chimatha kupululutsa khola lonse m'masiku ochepa. Katemera wakale ankafunika kukhala mu fuliji nthawi zonse, zomwe kumudzi sizitheka. Ofufuza a ku yunivesite ya Queensland ku Australia, motsogozedwa ndi a Peter Spradbrow, anapanga katemera wopirira kutentha. Woyamba anagwera m'manja mwa kampani, ndipo mayiko osauka ankafunika kumugula ndi ndalama zakunja. Pamenepo bungwe la boma la Australia lothandiza kafukufuku wa zaulimi, ACIAR, linalipira kuti apange wina, wotchedwa I-2, ndipo linagamula kuti mbewu yake iziperekedwa kwaulere kwa mayiko ofuna kudzipangira okha.

Chifukwa cha chigamulo chimenecho, Moçambique imapanga I-2 mu labotale za boma za Instituto de Investigação Agrária de Moçambique, ndipo Malawi amapanga wake ku Lilongwe. Wotemera wa m'mudzi amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse, ndipo mwini nkhuku amalipira ndalama yochepa. Sayansi ya katemera awiriwo inali yofanana. Chimene chinasiyanitsa ndi munthu amene anasankha kuti umwini ukhale wa ndani.

Makina a Pumani ku Blantyre

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre madokotala a ana ankataya makanda ambiri obadwa masiku asanakwane chifukwa cholephera kupuma. Makina othandiza kupuma a m'mayiko olemera anali odula kwambiri. Madokotalawo, pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite ya Rice ku America, anakonza makina osavuta ogwiritsa ntchito timapampu ta mtundu umene amaika m'mabokosi owetera nsomba. Anawatcha Pumani. Kafukufuku wa m'chipatalacho anaonetsa kuti mwa makanda ovutika kupuma, opulumuka anakwera kuchoka pa 44 kufika pa 71 pa 100 alionse.

Makina amodzi okonzedwa ndi ophunzira sangathandize dziko. Yunivesite inapereka chilolezo kwa kampani ya 3rd Stone Design kuti iwapange ambiri motsatira malamulo a zipangizo za chipatala, ndipo Unduna wa Zaumoyo wa Malawi unawafikitsa m'zipatala za m'maboma. Mmodzi mwa madokotala a ana amene anagwira ntchito yosamalira makanda ku Queen Elizabeth, a Queen Dube, pambuyo pake anakhala mkulu woyang'anira ntchito zachipatala ku Undunawo, kenako anapita kukagwira ntchito ku OMS. Umu ndi mmene ntchitozi zimayendera kawirikawiri: munthu amayambira pa bedi la wodwala, amalowa m'kafukufuku, n'kudzafika pamene malamulo amalembedwa.

Fakitale ya ku Matola

Si zonse zimene zimayenda monga anaganizira. Mu 2003 mtsogoleri wa Brazil, a Lula da Silva, atabwera ku Maputo analonjeza kuthandiza kumanga fakitale ya boma ya ma ARV. Luso linachokera ku bungwe la Fiocruz la ku Brazil, ndipo kampani ya Vale, yomwe inkakumba malasha ku Moatize, inaperekako ndalama. Fakitaleyo, Sociedade Moçambicana de Medicamentos, inatsegulidwa ku Matola mu Julayi 2012, patapita zaka 9. M'zaka zimenezo malangizo a ma ARV anali akusintha, ndipo mitengo ya ku India inali itatsika kwambiri. Komanso ma ARV ambiri a dziko lino amagulidwa ndi ndalama za mabungwe akunja, omwe amagula okhawo amene atsimikizidwa ndi OMS kapena ndi oyang'anira mankhwala a mayiko ochepa odalirika. Fakitale inayenera kutembenukira ku mankhwala ena ofunika tsiku ndi tsiku.

Phunziro lake n'lakuti nyumba ndi makina sizokwanira. Pamafunika anthu odziwa kuwerenga msika, odziwa malamulo a ogula, ndi otha kuona kumene sayansi ikulowera zaka zisanu zikubwerazo. Nkhaniyi ikukhudza Africa yense. Pa katemera amene amagwiritsidwa ntchito mu Africa, wopangidwa mu Africa momwemo ndi pafupifupi 1 pa 100 alionse. Mliri wa Covid-19 utaonetsa kuopsa kodalira ena, mayiko a African Union anadziikira cholinga choti pofika 2040 azipanga 60 pa 100 alionse. Anakhazikitsanso bungwe limodzi loyang'anira mankhwala, African Medicines Agency, lomwe pangano lake linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021 ndipo likulu lake lili ku Kigali. Mkulu wake woyamba, wosankhidwa mu 2025, ndi mayi Delese Mimi Darko, katswiri wa za mankhwala amene ankatsogolera bungwe loyang'anira mankhwala ku Ghana. Mipando yambiri m'mabungwe ndi m'mafakitale amenewa ikufuna anthu.

Lamulo limene linabadwira ku Tete

Kafukufuku wina satulutsa botolo kapena makina, amatulutsa njira yatsopano yogwirira ntchito. Mu 2008 anthu omwa ma ARV m'midzi ya chigawo cha Tete ankayenda mitunda italiitali mwezi uliwonse kukatenga mankhwala, ndipo ambiri ankalekera panjira chifukwa cha ndalama za galimoto ndi ntchito za kumunda. Odwala, ogwira ntchito zaumoyo a m'chigawo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayesa njira ina. Anthu osapitirira 6 a mudzi umodzi amapanga gulu. Mwezi uliwonse mmodzi amapita ku chipatala, amapimidwa, n'kutengera anzake onse mankhwala. Mwezi wotsatira amapita wina.

Chimene chinapangitsa kuti njirayi isathere ku Tete n'chakuti panali anthu amene analemba zonse mosamala. Kafukufuku woyamba, wa magulu 291, anaonetsa kuti oposa 97 pa 100 alionse anali akumwabe mankhwala. Ndi umboni umenewo Unduna wa Zaumoyo unayamba kufalitsa maguluwa m'zigawo zina kuyambira 2011, pa dzina loti Grupos de Apoio à Adesão Comunitária, GAAC. Njirayi inafika ku Thyolo ku Malawi ndi kumayiko ena, ndipo OMS inaiika pakati pa njira zimene imalangiza. Nzeru inachokera kumudzi, koma kuti isanduke lamulo panafunika wowerengera, wolemba ndi wokaitetezera pamaso pa akuluakulu.

Poliyo wa 2022

Anthu a m'malire anaona ndi maso awo kufunika kwa atsogoleri oterewa mu 2022. Mu Febuluwale Malawi analengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi kachilombo ka poliyo kamene Africa inkaganiza kuti inathana nako. Mu Meyi kanapezekanso mwa mwana wa m'boma la Changara. Ana 8 anapezeka nako ku Moçambique, onse m'chigawo cha Tete. Labotale zinaonetsa kuti kachilomboko kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan. Popeza kachilombo sikaima pa Calómuè kapena pa Zóbuè kuonetsa pasipoti, mayiko asanu, Malawi, Moçambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, anagwirizana nthawi zoperekera katemera khomo ndi khomo, ndipo ana oposa 50 miliyoni analandira. Mu Meyi 2024 OMS inalengeza kuti mliriwo watha. Kuseri kwa wachinyamata amene anafika pakhomo panu ndi bokosi la katemera kunali anthu amene anawerenga zotsatira za labotale, anagula katemera, anakonza magalimoto ndi mafuliji, ndiponso anagwirizanitsa maunduna a mayiko osiyana zilankhulo.

Ena amene anayenda njirayi

A Pascoal Mocumbi, amene anabadwa mu 1941 ndi kumwalira mu Malichi 2023, anaphunzira udokotala ku Lausanne ku Switzerland. Anakhala nduna ya zaumoyo kuyambira 1980 mpaka 1987, kenako nduna ya zakunja, ndipo kuyambira 1994 mpaka 2004 anali nduna yaikulu. Atasiya boma anakhala kazembe wamkulu wa EDCTP, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa wolipirira kuyesa mankhwala a Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo. Anatsogoleranso Fundação Manhiça, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008 kuti CISM iziyendetsedwa ndi bungwe la dziko lino.

A Ilesh Jani anaphunzira udokotala ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, n'kukapitiriza maphunziro ku London. Anakhala mkulu wa INS kuyambira 2009. Gulu lawo linayesa kamakina kopima chitetezo cha m'thupi pompopompo m'zipatala zazing'ono, ndipo mu 2011 linaonetsa kuti odwala otayika asanayambe ma ARV anatsika kuchoka pa 64 kufika pa 33 pa 100 alionse. Mu 2023 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo, ndipo mpando wa INS unapita kwa a Eduardo Samo Gudo. A Francisco Saúte anatsogolera ndondomeko ya boma yolimbana ndi malungo asanakhale mkulu wa CISM. Mbiri zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: anthuwa anayenda pakati pa chipatala, labotale ndi ofesi ya boma, ndipo anaphunzira kulankhula ndi mbali zonse.

Njira ya sukulu

Palibe sukulu imene imapereka digiri ya utsogoleri woterewu kwa munthu wongomaliza kumene sekondale. Njira imayamba ndi kumaliza kalasi 12 ndi maphunziro a sayansi, makamaka bayoloje, kemisitili ndi masamu, n'kupambana mayeso olowera. Mumzinda wa Tete muli Faculdade de Ciências de Saúde ya yunivesite ya Zambeze ndi Instituto de Ciências de Saúde. Ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite yomweyo. Udokotala umaphunzitsidwanso ku Eduardo Mondlane ku Maputo, ku yunivesite ya Katolika ku Beira ndi ku Lúrio ku Nampula. Ku Malawi kuli Kamuzu University of Health Sciences.

Si madokotala okha amene amafunika. Ophunzira za mankhwala, za labotale, za ziweto, za chiwerengero, za chuma ndi za malamulo onse ali ndi malo. Akamaliza digiri yoyamba, ambiri amalowa m'kafukufuku ngati othandizira, kusonkhanitsa mayankho m'midzi kapena kupima magazi. INS ndi CISM amaphunzitsa achinyamata ntchito ndipo amatumiza ena kukachita digiri yachiwiri ndi yachitatu. Thandizo la ndalama za sukulu limafunsidwa ku Instituto de Bolsas de Estudo, pamene la kafukufuku limafunsidwa ku Fundo Nacional de Investigação. Kuchokera pa kalasi 12 kufika pa mpando wotsogolera pamatenga kawirikawiri zaka 15 kapena 20.

Kupatula sayansi, munthu amafunika kudziwa kulemba pempho la ndalama, kusunga bwino ndalama za ena, kuwerenga pangano asanasaine, ndi kufotokozera mfumu kapena nduna zotsatira m'mawu osavuta. Zilankhulo n'zofunika kwambiri. Boma limagwira ntchito m'Chipwitikizi, sayansi imalembedwa m'Chingelezi, ndipo odwala amalankhula Chichewa kapena Chinyungwe. Mwana wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde amene wakula akumva zilankhulo za mbali zonse za malire ali ndi chuma chimene anzake a ku Maputo amachita kulipira kuti achipeze.

Zovuta zilipo. Masekondale ambiri a kumidzi alibe labotale. Malo akuluakulu a kafukufuku ali kumwera, kutali ndi Tete. Ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, ndipo zikadulidwa, monga zinachitikira mu 2025 boma la America litachepetsa thandizo lake, ntchito zimaima. Atsikana ambiri amasiya sukulu asanafike kalasi 12. Kholo limene lasunga mwana wamkazi pasukulu m'malo momukwatitsa msanga lachita mbali yoyamba ya ntchito yonseyi.

Ofufuza akafika m'mudzi mwanu

Anthu a kumudzi nawonso ali ndi mpando pa nkhaniyi, chifukwa popanda iwo palibe kafukufuku. Kafukufuku aliyense wokhudza thupi la munthu ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, yomwe yaikulu yake kwathu ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Ofufuza ayenera kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo a m'boma ndi mafumu, ndipo ayenera kufotokozera munthu aliyense m'chilankhulo chake asanasaine kapena kudinda chala. Munthu ali ndi ufulu wokana kapena wosiyira panjira, ndipo sataya thandizo lake la ku chipatala chifukwa chokana.

Pa msonkhano wotere ndi bwino kufunsa kuti akulipira kafukufukuyu ndani, magazi otengedwa apita kuti ndipo asungidwa mpaka liti, wodwala chifukwa cha kafukufuku amuthandiza ndani, zotsatira adzabwera nazo liti, ndiponso ngati mankhwalawo atapezeka abwino, anthu a m'deralo adzawapeza liti ndi pa mtengo wanji. Ofufuza oona sakwiya ndi mafunso amenewa. Funso lomalizali ndi limene atsogoleri onse atchulidwa m'nkhani ino amalembedwera ntchito kuti aliyankhe, ndipo yankho lake limafulumira pamene pa tebulo pali munthu wodziwa kutalika kwa msewu wochokera kumudzi kupita ku chipatala nthawi ya dzinja.